Basketball ya m'makoleji: wamfupi wa ku Misisi ali na malo, ngati ba kochi asintha

Ligi ya makalabu a basketball mu Africa, imene amaicha BAL, yasewela zaka zisanu kucokela 2021 kufika 2025, ndipo palibe timu ya Zambia imene inalowamo. Kuyesa tinayesa. Mu 2019 ana a pa yunivesiti, UNZA Pacers, ndiwo anatinyamulila mbendela ku masewela osankha matimu olowa mu ligi imeneyi. Pambuyo pawo panapita Matero Magic, panapitanso Munali Suns. Onse anabwelako asanafike pa khomo lomaliza. Cikho cinapita ku Egypt kawili, ku Tunisia, ku Angola na ku Libya, ise tili kuonelela pa foni.

Timu ikabwelako, nkhani m'basi imakhala imodzimodzi. Wina ati tilibe anthu atali. Wina ati tilibe ndalama, anzathu amagula osewela ocokela ku America. Zonse ziwili ni zoona, ndipo sin'zatsutsana na munthu pa izi. Koma pali cacitatu cimene sitikamba kwambili cifukwa sicimveka bwino pakati pa congo ca kondakita: kaseweledwe ka basketball kanasintha, ndipo malo oyamba kumene kusintha kumeneku kufunika kugwila mizu ni m'makoleji na m'mayunivesiti. Kumeneko ndiye kumene kochi amakhala na mnyamata kapena mtsikana wa zaka 18 kufika 23, thupi lili pa mphamvu, mutu ukali wotseguka. Ngati wacoka kumeneko na kaseweledwe ka 1995, palibe ndalama ya sponsa imene izamukonza m'milungu itatu ya kampu.

Tiyambe na malamulo, cifukwa ndiwo anayamba kusuntha. Mu 2000 bungwe la FIBA linacepetsa nthawi imene timu ingasunge mpila isanaponye, kucoka pa masekondi 30 kufika pa 24. Mu 2010 mzele wa mapointi atatu unakankhidwa kumbuyo, kucoka pa mamita 6.25 kufika pa 6.75. Mu 2014 ananena kuti mukaponya n'kuphonya, mpila n'kubwelanso m'manja mwanu, simupatsidwa 24 yatsopano, mupatsidwa 14 cabe. Lamulo lililonse mwa awa likamba cinthu cimodzi: fulumilani, ndipo tambasulani bwalo.

Ndiye pali masamu, amene olo mwana wa giledi 5 angacite pa cikhatho. Mukaponya ka 12 muli mkati mwa mzele n'kulowetsa 6, mwapeza mapointi 12. Mukaponya ka 12 muli kunja kwa mzele n'kulowetsa 4 cabe, mwapezanso 12. Munthu wophonya kawili pa katatu kalikonse, ngati aponyela kutali, alingana na uja wolowetsa hafu ya mipila yake pafupi. Matimu akulu atazindikila izi, anayamba kuthawa kuponya kwa pakati-kati, kuja kwa mamita anayi kapena asanu, kumene ni kovuta monga kwa kutali koma kulipila mapointi awili. Manje afuna ziwili: pansi pa ringi penipeni, kapena kunja kwa mzele.

Basketball imene ambili a ife tinakulila nayo inali ina. Mupeze wamtali kupambana onse pa sukulu, mumuimike pansi pa ringi, ena anayi nchito yawo ni kumupelekela mpila. Pocinga, onse asanu abwelele kumbuyo aimilile mu zone, awili kutsogolo atatu kumbuyo, monga anthu oyembekeza basi pa City Market. Ine sinimaseka makochi akale amene anaphunzitsa conco, cifukwa anali na zifukwa zomveka. Mabwalo athu ambili ni a panja. Mu Ogasiti mphepo ya Lusaka imanyamula mpila woponyela kutali n'kuupeleka kwina. Ringi ina inapindika cifukwa anyamata amaikolekela, simenti inang'ambika, ndipo timu yonse ili na mipila iwili. Zone imasunga mphamvu za osewela, imasunganso nsapato. Pa bwalo lotelo, kupatsa wamtali mpila kunali nzelu. Vuto ni lakuti mukapita nayo nzelu imeneyo m'holo ya ku Johannesburg kapena ku Kigali, kumene kulibe mphepo ndipo anzanu onse asanu adziwa kuponya, zone yanu yoimilila imakhala monga mpanda wa udzu pa moto.

Nkhani iyi siili kwa ise tekha. Ku America, kumene basketball ya m'makoleji imadzaza maholo a anthu 20,000, makochi akhala akulimbana nayo zaka zonsezi, ndipo mmene aliyense anacitila muli phunzilo.

Jim Boeheim anaphunzitsa pa Syracuse zaka 47, kucokela 1976 kufika 2023, ndipo dzina lake linamamatila ku zone ya awili-atatu, imodzimodzi imene timaidziwa kuno. Anatenga nayo cikho mu 2003. Koma zone yake siinali yoimilila. Anali kusankha anyamata a manja atali amene anali kuthamangila woponya mpaka ku kona. Olo n'conco, m'zaka zake zomaliza, pamene matimu anadzala na anthu oponyela kutali, inaleka kuopsa, ndipo amene anamulowa m'malo, Adrian Autry, anabwelela ku kumaka munthu na munthu.

Mike Krzyzewski wa pa Duke, amene anatenga zikho zisanu, anali wa mbali ina: kwa zaka zambili anali kudziwika kuti kwa iye ni munthu na munthu basi. Mu Januwale 2015 timu yake, yodzala na anyamata a caka coyamba, inaluza masewela awili otsatizana. Pa masewela otsatila na Louisville, mdala uja anaika zone. Anapambana, ndipo caka cimeneco anatenga cikho. Munthu wa zaka pafupifupi 68, wokhala kale na zikho zinayi m'kabati, anaona kuti ana amene ali nawo sakwanitsa cimene iye amakonda, n'kusintha iye. Kangati kuno timamva kochi akudandaula kuti ana a masiku ano samvela sisitimu, pamene sisitimuyo anailemba asanaone olo mwana mmodzi?

Amene ananyamula masamu aja n'kuwafikitsa kumapeto ni Nate Oats wa pa Alabama. Uyu anali mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya sekondale pafupi na Detroit, akuphunzitsako na basketball, asanaloŵe m'makoleji. Timu yake imathamanga, ndipo pafupifupi mpila uliwonse umaponyedwa pansi pa ringi kapena kunja kwa mzele. Mu 2024 anaifikitsa Alabama pa matimu anayi omaliza, koyamba m'mbili ya yunivesitiyo. Mu Malichi 2025 analowetsa mipila 25 ya mapointi atatu m'masewela amodzi na BYU, cimene sicinacitikepo mu mpikisano umenewo, n'kupambana 113 kwa 88. Patapita masiku awili cabe anakumana na Duke n'kuluza 85 kwa 65. Walila mvula walila matope. Tsiku limene mipila yakutali ikana, sisitimu imeneyi imakusiyani pa mtunda. Ndipo pakati pa amene anawatsekela njila ya pansi pa ringi tsiku limenelo panali Khaman Maluach, mnyamata wa mamita 2.18 wocokela ku South Sudan amene anakulila ku Kawempe mu Kampala, komboni yosasiyana kwambili na zathu. Iye anapitila mu BAL yomweyi. So amene akamba kuti wamtali alibenso nchito anama. Nchito ali nayo, koma manje afunika kuthamanga na kucinga kutali na ringi, osati kungoimilila.

Koma cimene cagwedeza makochi a ku America kupambana mzele wa mapointi atatu ni ufulu wa wosewela. Kucokela mu 2021 mwana wa pa koleji amaloledwa kupeza ndalama na dzina lake, ndipo angasamuke kupita pa koleji ina popanda kukhala caka osasewela monga kale. Mu 2025 khoti inavomeleza kuti yunivesiti iliyonse ingalipile osewela ake mwacindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa caka. Kochi amene anali kutenga mwana n'kumuumba zaka zinayi manje amayamba na timu yatsopano caka ciliconse. Tony Bennett wa pa Virginia, amene kacingidwe kake kanali kufuna zaka kuti wosewela akadziwe bwino, ndipo anatenga nako cikho mu 2019, anasiya nchito mu Okutobala 2024 ali na zaka 55, masewela atatsala pang'ono kuyamba. Ananena yekha kuti sindiyenso munthu woyenela kutsogolela timu m'nyengo yatsopanoyi. Roy Williams, Jay Wright na Krzyzewski anali atacoka kale pakati pa 2021 na 2022.

Mwina muzafunsa kuti za madola 20 miliyoni zitikhudza bwanji ise okangana na kondakita pa chenji ya K2. Zitikhudza cifukwa vuto limene linathamangitsa Bennett, kochi wa pa koleji kuno anabadwa nalo. Iye sanakhalepo na citsimikizo ca zaka zinayi. Mwana wake wabwino akalephela mayeso, wapita. Akasowa fizi, wapita. Akawala kwambili, amuona matimu amene kumbuyo kwawo kuli bungwe lolemba anthu nchito, monga Green Buffaloes ya asilikali, Looters ya kanselo ya Lusaka kapena matimu a Napsa. Ndipo ndani angamuimbe mlandu mnyamata amene kunyumba amuyang'ana kuti agule unga? Pa Evelyn Hone kapena pa NIPA maphunzilo ambili ni a zaka ziwili kapena zitatu. Kuonjezela apo pali holide, pali nthawi ya mayeso, pali zaka monga 2024 pamene kolela inacedwetsa kutsegula masukulu mpaka mu Febuluwale, ndiyeno cilala n'kuphwetsa Kariba, malaiti n'kumapita maola ambili pa tsiku. Holo yopanda malaiti ikafika 18 koloko yatseka yokha, ndipo 18 koloko ndiye pamene mwana wa sukulu amamasuka.

Ngati nthawi ni yocepa conco, kochi amene ali na buku la masewela 20 oloweza pamtima, aliyense na dzina lake na nambala yake, akudzinamiza. Akafika pa nambala 12, hafu ya timu yasintha. Zimene naona m'masewela a m'makoleji amene naonelela zaka zaposacedwa n'zakuti matimu amene akuyenda bwino acepetsa zoloweza. Ali na malamulo atatu kapena anayi amene mwana watsopano angagwile m'mlungu umodzi: ukapasa usaimilile, thamangila ku ringi; mnzako akalowa na mpila, mupatse malo, pita ku kona; tikalanda mpila, onse kutsogolo anzathu asanakonzeke. Zotsalazo wosewela amawelenga yekha bwalo. Kwa kochi wozolowela kuti ciliconse cicoke pakamwa pake, ici n'cowawa, cifukwa afunika kukhala pansi n'kupenyelela mwana wa zaka 19 akusankha molakwa, osamutulutsa pomwepo.

Ndipo apa pali kusintha kwina kumene sikulembedwa pa bolodi. Tonse tiwadziwa ba kochi amene mawu awo amamveka mpaka pa msewu, amene mwana akaphonya kamodzi amutukwana pamaso pa anzake n'kumukhazika pa benchi. Mu sisitimu yakale zinali kuyenda, cifukwa nchito ya ana anayi inali cabe kupeleka mpila kwa wacisanu. Koma simungauze mwana kuti ukakhala poyela ponya, ndiyeno n'kumukalipila akaphonya, pamene masamu eni ake akamba kuti woponya wabwino amaphonya kawili pa katatu. Mwana wotukwanidwa amaleka kuponya. Amagwila mpila ali yekhayekha, n'kuyang'ana ku benchi, masekondi 24 n'kutha. Nikaona timu imene osewela ake amayang'ana kwa kochi asanayang'ane ku ringi, nimadziwilatu mmene trening'i yawo imakhalila.

Manje nikambeko za ngozi ya mbali inayo, cifukwa iliko ndipo ikukula. Mwana aliyense wa mu komboni amene ali na bando ya K5 anamuona Stephen Curry. Pitani pa bwalo lililonse pa Ciŵelu, muzapeza kamwana kamene mpila ukakalemela m'manja kakuponyela pakati pa bwalo, n'kutembenuka mpila usanafike. Makochi ena acinyamata nawonso atengela za pa YouTube zonse zamphumphu. Koma masamu aja ali na mbali yaciwili. Ngati pa mipila 10 yakutali mulowetsa iwili cabe, mwapeza mapointi 6. Mnzanu wolowetsa 4 pa 10 pafupi wapeza 8, ndipo wakupambanani. Curry anaponya mipila yosawelengeka m'maholo otseka, na munthu womubwezela mpila. Mwana amene timu yake ili na mipila iwili ya anthu 15 angaponye kangati pa tsiku? Kutenga sisitimu ya Alabama popanda maola a Alabama ni kugula suti ya mwini wake n'kudabwa kuti manja alendewela.

Cimene niona kuti citiyenela cili kwina. Ku California kunali kochi wina wa pa sekondale, pambuyo pake wa pa koleji yaing'ono ya Fresno City, dzina lake Vance Walberg. Mphamvu ya timu yake inali mwa anyamata othamanga odziwa kuyendetsa mpila. Iye anacotsa wamtali pa njila, n'kumuika mbali ina ya ringi, ena n'kuwatambasula kunja, kuti wokhala na mpila apeze msewu woyela wolowela. Akatsekedwa, apatsa amene watsala yekha. John Calipari, kochi wa yunivesiti yaikulu ya Memphis, anadzicepetsa n'kuphunzila kwa munthu wa pa koleji yaing'onoyo, ndipo mu 2008 anafika nayo pa fainolo. Sisitimu iyi inabadwila pa kusowa, ndiye cifukwa cake niikhulupilila. Ise atali a mamita awili tili nawo owelengeka. Othamanga tili nawo odzala basi. Ndipo Lusaka ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kucokela pa nyanja yaikulu, kutanthauza kuti mwana wokulila kuno ali na cifuwa cimene wa ku Maputo kapena ku Dar es Salaam angacilakelake mu kota yacinayi.

Amene akayikila ayang'ane kwa aneba athu. Angola inatenga cikho ca Africa ka 11 pakati pa 1989 na 2013, ndipo m'zaka zimenezo siinali kudziwika na kutalika koma na liwilo, kucinga kolimba na kuponya. Mu Ogasiti 2025 inatenganso ka 12, pogonjetsa Mali 70 kwa 43 pa fainolo. Amene anasankhidwa kukhala wosewela wopambana onse mu mpikisano umenewo ni Childe Dundão, wa mamita 1.67. Yang'anani amene mwakhala naye pa mpando. Mwina amupitilila.

Koma kuthamanga na kukanikiza mdani bwalo lonse kuli na mtengo wake, ndipo apa ndiye pamene nimaona kuti ena amakamba mopepuka. Anthu asanu sangathamange conco mphindi 40. Mufunika 10 amene muwakhulupilila, osinthana mphindi zocepa zilizonse. Ndiye kuti kochi aleke cizolowezi cokhala na asanu okondedwa na ena asanu onyamula madzi. Afunikanso kudziwa amene wadya. Mwana wa pa koleji amene kucokela m'mawa wamwa cabe tiyi na kabanzi sangakanikize munthu bwalo lonse, olo mumukuwile bwanji. Ndalama ya cakudya ya ana a m'mayunivesiti a boma, imene inacotsedwa mu 2019, inabwezedwa mu 2023, ndipo imathandiza amene ali pa loni. Amene sali pa loni amadziwa okha mmene amafikila madzulo. Kochi wamakono kuno afunika kudziwa izi monga mmene adziwila malamulo a FIBA.

Zonsezi zitifikitsa ku Misisi, cifukwa wosewela wa pa koleji sagwa kumwamba. Mu sisitimu yakale, kusankha kunali kosavuta: kochi apita pa sukulu, aona wamtali, basi. Wamfupi wa mu komboni anali kuuzidwa kuti apite ku bola. Mu sisitimu yatsopano, zimene zifunika ni miyendo, maso, kulimba mtima na kudziwa kudutsa pa malo ocepa. Mwana wokulila m'tunjila twa Misisi, amene amazemba wilibala, matope na njinga ya malasha ali na cigubu ca madzi m'manja, amene amayenda pansi kupita mu tauni na kubwelako, zimenezi anaziphunzila kale popanda wisulo. Ndipo kucokela mu 2022, pamene sukulu inakhala yaulele mpaka giledi 12, ana ambili a kumeneko afika pa khomo la koleji amene kale akanalekela pa giledi 9.

Cimene alibe ni ringi. Misisi ili pafupi na tauni kupambana makomboni ambili, koma nyumba n'zothithikana, malo otsala ni maenje a miyala amene amadzala madzi, monga Blue Water, ndipo mvula ikagwa olo kabwalo ka bola kamakhala damu. OYDC, imene inatsegulidwa mu 2010 ku Great North Road, ili na mabwalo abwino, koma kwa mwana wa ku Misisi ni kudutsa tauni yonse, na ndalama ya basi yopita na yobwela tsiku lililonse. NASDEC ku Showgrounds nayonso siili kuseli kwa nyumba. Wa ku Kalingalinga ali na mwayi, cifukwa UNZA ili pafupi ndipo angakule akuona Pacers na Honeys akusewela. Wa ku Matero ali na dzina la Magic lomukoka. Wa ku Misisi, wa ku Kuku, wa ku John Laing, amayamba kugwila mpila wa basketball mocedwa, ngati augwila n'komwe. Ndipo kuponya ni luso limene limalowa m'manja pa zaka 10 kapena 12. Kochi wa pa koleji angaphunzitse munthu wa zaka 20 kucinga m'miyezi itatu, koma dzanja loponya silipangidwa m'temu imodzi.

Apa pali cinthu cimene cingatheke popanda kuyembekeza sitediyamu. Basketball ya atatu-atatu, imene inalowa mu Olimpiki pa masewela a ku Tokyo, imafuna ringi imodzi na bwalo la mamita 15 kwa 11. Pa bwalo limodzi la bola mungalowe tumabwalo totele topitilila 40. Timu ili na masekondi 12 cabe kuti iponye, masewela amatha pa mphindi 10 kapena wina akafika mapointi 21, ndipo kochi saloledwa kulangiza masewela ali mkati. Palibe pobisala. Aliyense afunika kuyendetsa mpila, kuponya, kucinga na kuganiza yekha, zimenezo ndiye zimene sisitimu yatsopano ifuna. Kuponya kwa kunja kumalipila kawili kuposa kwa mkati, so mwana amaphunzila masamu aja na thupi lake. Silabu ya simenti yokwezeka pang'ono kuti madzi asaime, pa sukulu kapena pa chechi, na mzati umodzi.

Ndalama yake siingasowe pofunsila. Misisi ili mu constituency ya Chawama, ndipo CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, n'kupitilila K30 miliyoni mu 2024. Nidziwa zimene amayi a ku Misisi azaniyankha, ndipo ali na zoona: ngalande coyamba, zimbudzi, madzi, madesiki. Munthu amene nyumba yake imalowa madzi caka ciliconse simungamuuze za ringi. Ine sinikamba kuti bwalo lipite patsogolo pa ngalande. Nikamba kuti pa mndandanda umene makomiti a m'mawadi amapeleka, za acinyamata zimathela pa majezi a bola na cikho ca tsiku limodzi, zinthu zimene zimatha caka cisanathe, pamene silabu imakhala zaka.

Pali gulu lina limene makochi a m'makoleji akulidutsa tsiku na tsiku: atsikana a netball. Mu komboni iliyonse muli timu, cifukwa netball ifuna cabe fumbi na mizati iwili. Mtsikana wa netball amadziwa kupasa mofulumila cifukwa lamulo limupatsa masekondi atatu cabe na mpila. Amadziwa kuthamangila pa malo opanda munthu. Oponya awo amalowetsa mu ringi yopanda bolodi kumbuyo, pa utali umodzimodzi wa mamita 3.05. Cimene asowa ni kuyendetsa mpila pansi na kuzolowela kugundana. Mu basketball yakale ya kupatsa wamtali, luso lawo linali locepa nchito. Mu iyi ya kupasa na kusuntha, afika na hafu ya silabasi ali nayo kale. Kochi wa timu ya atsikana amene amadandaula kuti alibe osewela, pamene pa Sondo masana mabwalo a netball a ku Chawama na ku Kanyama ni odzala, vuto lake ni nsapato zake zimene safuna kuti zigwile fumbi.

Cotsala ni kuwelenga, ndipo ici n'cimene cimanidabwitsa kwambili pa matimu a m'makoleji. Pa yunivesiti pali ana ophunzila masamu, a kompyuta, a zacuma, amene amafuna mitu ya maprojekiti. Timu ili pa mtunda wa mamita ocepa kucokela ku kalasi yawo, koma nthawi zambili cimene cimalembedwa ni mapointi na mafaulo cabe. Simufunika makina a ku America. Buku la masamu la K10, munthu mmodzi pa benchi wojambula bwalo, kuika kadontho pamene mpila waponyedwela, kuzungulitsa ngati walowa. Foni imodzi yoimika pa mpando kujambula masewela onse. Pambuyo pa masewela asanu kochi azadziwa ngati mnyamata amene amakonda kuponyela kutali amalowetsa atatu pa 10 kapena umodzi, azadziwa ngati zone yake imadyedwa ku kona ya kumanzele, azadziwanso ngati uja wamfupi amene amamusunga pa benchi ndiye amene timu imapeza naye mapointi ambili akalowa. Makochi ena sazakonda buku limeneli, cifukwa limakamba zinthu zimene wosewela amaopa kukamba, ndipo silingakhazikidwe pa benchi.

Imwe amene mumapitako kukaonelela ku OYDC kapena ku NASDEC pa wikendi, mungacite cimodzimodzi pa kalisiti ka m'thumba. M'kota imodzi cabe, welengani kuti timu ya ana a sukulu yaponya kangati pakati-kati paja popanda phindu, osewela angati alowa kucokela pa benchi, ndipo mwana akaphonya ali poyela, ba kochi acita ciani. Ndiyeno mufunseko mmodzi wa osewelawo kumene anagwilila mpila koyamba, na zaka zimene anali nazo.